Nkhotakota: mafunso ndi mayankho okhudza tauni ya pagombe

Anthu ambiri amaidziwa Nkhotakota podutsa. Basi imaima pamphambano, munthu n'kugula nsomba kapena kathumba ka mpunga pawindo, ulendo n'kupitirira wa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Nyanja saiona n'komwe, chifukwa msewu waukulu unadzera kumtunda. Koma tauniyi inabadwira kugombe, ndipo amene sanatsikire kumeneko sanafike ku Nkhotakota. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimakumana nawo kawirikawiri kuchokera kwa ana asukulu, alendo, komanso anzathu amene anakulira kutali pamene makolo awo ndi a kuno.

Kodi Nkhotakota ili pati, ndipo munthu amafikako bwanji?

Ili m'chigawo chapakati, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200 mukadzera ku Salima, kumene mumakhotera kumpoto n'kutsata msewu wa M5. Njira ina ndi ya M18 yochokera ku Kasungu, imene imatsika mapiri kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama. Boma lonse limachita malire ndi Nkhata Bay kumpoto, Mzimba, Kasungu ndi Ntchisi chakumadzulo, ndiponso Salima kummwera. Kum'mawa ndi madzi okhaokha, ndipo kutsidya kwake ndi Mozambique. Kunja kukayera bwino, makamaka mvula itangokata, mapiri a kutsidyako amaoneka ngati mtambo wakuda umene wagona pamadzi.

Dzinali ndi la zinthu ziwiri: boma lonse, limene kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 4,000, ndi tauni imene kuli likulu lake. Patsamba lino ndikunena kwambiri za tauniyo.

Dzina limeneli linachokera kuti?

Ambiri amalifotokoza kuchokera ku mawu akuti kukhota, poona mmene gombe la kuno linakhoterakhotera. Azungu analephera kulitchula bwino, ndiye m'mabuku ndi pamapu a nthawi ya atsamunda mupeza palembedwa Kota Kota. Kalembedwe ka lero kanabwerera m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene Port Herald inasanduka Nsanje ndipo maina ena a atsamunda ankachotsedwa.

Pali maina enanso awiri. Atsamunda oyambirira ankatchula dera lonseli kuti Marimba. Ndipo eni akewo, akamanena za mudzi wakale wa kugombe, amati ku Linga. Linga ndi mpanda wa nkhondo. Dzina limeneli lokha likukuuzani kale kuti anthu ankakhala bwanji kuno zaka 150 zapitazo.

N'chifukwa chiyani tauni inamera pamalo amenewa osati pena?

Yankho lili m'madzi. Gombe la kumadzulo kwa nyanjayi, kuyambira ku Salima kumka kumpoto, ndi lotseguka, ndipo mwera ukawomba palibe pobisa ngalawa. Ku Nkhotakota kuli mchenga wautali wotchedwa Sungu, umene unatuluka m'nyanja ngati mkono wopinda n'kutchinga mafunde. Kuseri kwa mkono umenewu madzi amakhala bata ngakhale panja nyanja itakwiya. Chombo chamatanga chinkatha kuima pamenepo, kupakira katundu, n'kudikira mphepo yabwino yowolokera.

Kumbuyo kwa dokoli kuli chigwa chathyathyathya, cha madambo odzaza madzi a mitsinje yotsika kumapiri: Kaombe pafupi ndi tauni, Bua ndi Dwangwa chakumpoto, Lifuliza ndi Likoa chakummwera. Malo otere amadyetsa anthu ambiri. Kumtunda kwake kunali njovu zosawerengeka, ndipo njira zapansi zinkakwera kupita ku Kasungu mpaka kuchigwa cha Luangwa. Doko, chakudya, minyanga ndi njira zinakumana pamodzi. Wamalonda aliyense wa maso akanapaona.

Anayamba kukhala kuno ndani?

Achewa. Mafumu a kuno, monga Malengachanzi ndi Kanyenda, mizu yawo ili mu ufumu wa Maravi wa Kalonga. Tauni yeniyeniyo ili m'dera la Mfumu Yaikulu Malengachanzi. Mafumu ena akuluakulu a m'bomali ndi Mwadzama, Mwansambo, Mphonde ndi Kafuzila. Ndimakonda kuyamba ndi mfundo imeneyi chifukwa mbiri ya Nkhotakota ikamafotokozedwa, kawirikawiri imayambira pa kufika kwa mlendo, ngati kuti asanabwere kunali tchire. Kunali midzi, minda, asodzi, osula makasu, ndi mafumu amene mlendoyo anayenera kuwapempha malo.

Nanga Jumbe anali ndani?

Jumbe si dzina la munthu mmodzi. Ndi dzina la udindo la Chiswahili, ndipo anthu anayi analowa udindowu ku Nkhotakota motsatizana.

Woyamba anali Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili amene anafika cha m'ma 1840. Anapempha malo kwa mafumu a Chichewa, anapatsidwa, nayamba kugula minyanga ya njovu. Anali ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu anabweradi nako, koma kanacheka mbali zonse ziwiri. Inali nthawi imene nkhondo za Angoni zinkabalalitsa midzi ya kumtunda, tsono anthu othawa ankathamangira kwa munthu wa mfuti kuti awateteze. Mudzi wa Jumbe unakula msanga, ndipo pang'onopang'ono mlendo uja anasanduka wamphamvu kuposa amene anamulandira. A Jumbe ankadzitenga ngati oimira Sultan wa ku Zanzibar m'dera lino.

Wotchuka kwambiri ndi wachitatu, Tawakali Sudi, amene ena ankamutchula kuti Mwinyi Kisutu. Iyeyu ndiye anakumana ndi Angelezi atabwera kudzatenga dziko. Wachinayi, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse.

A Jumbe anasiya zinthu zimene zilipobe: Chisilamu, ulimi wa mpunga wogulitsa, luso lokhoma zombo zamatabwa, mawu a Chiswahili m'kalankhulidwe ka kugombe. Anasiyanso bala. Kuwatamanda kokha kapena kuwatukwana kokha ndi kunena theka la nkhani, koma theka lolemera kwambiri ndi la anthu amene anagulitsidwa.

Malonda a akapolo ankayenda bwanji, ndipo anadutsa pano ndi anthu angati?

Anthu ankagwidwa pankhondo, kubedwa m'minda ndi m'njira, kapena kuperekedwa ndi mafumu awo omwe polipira mlandu kapena posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Ena ankachokera pafupi, kwa Achewa a kumtunda. Ena ankachokera kutali, kuchigwa cha Luangwa ndi kumaiko a Abisa ndi Abemba, kumene lero ndi Zambia. Ankafika kugombe atamangidwa magoli m'khosi, ambiri atasenza minyanga. Pano ankasungidwa kufikira chiwerengero chitakwana, kenako n'kuwapanikiza m'zombo kuwolokera kutsidya la kum'mawa. Kuchokera uko unali ulendo wapansi wa miyezi, mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ku Kilwa ankakwezedwanso m'zombo kupita kumsika wa ku Zanzibar. Wofooka panjira sankadikiridwa.

Za chiwerengero, mumva kawirikawiri kuti anthu 20,000 ankadutsa pa Nkhotakota chaka chilichonse. Nambala imene inalembedwa m'nthawiyo ndi ya Colonel Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, amene anauza David Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja ya Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar pachaka. Imeneyi inali ya dera lonse la nyanja, kuphatikizapo njira za mafumu a Chiyao a kummwera, osati doko limodzi. Komabe Nkhotakota inali limodzi mwa makomo akuluakulu otulukira. Ndiponso nambalayo inkawerenga okhawo amene anafika amoyo. Ofera pankhondo yowagwira, m'njira, ndi m'nyanja, palibe anawalemba.

Pali china chimene sichinenedwa kawirikawiri. Si onse amene anawoloka. Ambiri anatsala pano, akulima mpunga wa Jumbe, akupalasa ngalawa zake, akazi akukwatiwa m'nyumba za akuluakulu ake. Zidzukulu za ogula, ogulitsa ndi ogulitsidwa zinakwatirana, ndipo lero zimapemphera mumzikiti umodzi kapena m'tchalitchi chimodzi. N'chifukwa chake nkhaniyi anthu a kuno amaigwira mosamala. Kutchula mnzako kuti kapolo ndi mlandu wokafika nawo kwa amfumu.

Kodi n'zoona kuti Livingstone anathetsa ukapolo pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota?

Ayi. Livingstone anafika kuno kawiri, mu 1861 akuyenda pabwato kuzonda nyanja, ndi mu 1863 akuyenda wapansi. Anaona zombo zowolotsa akapolo, analankhula ndi eni malondawo, ndipo analemba zimene anaona. Mkuyu waukulu umene uli pamishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndiwo umakumbukiridwa kuti ndi pamene anakambirana ndi Jumbe ndi mafumu a Chichewa. Chakugombe kuli mtengo winanso umene anthu amaulumikiza ndi ulendo wake.

Koma iye atachoka malonda aja anapitirira zaka zina pafupifupi 30. Ngakhale msika wa akapolo wa ku Zanzibar utatsekedwa mu 1873, zombo zinkawolokabe. Chimene Livingstone anachita ndi kuulula, ndipo zolemba zake zinakoka amishoni ndi boma la Britain kubwera kunyanja kuno. Imeneyo si ntchito yochepa. Chimene chimandiwawa n'chakuti mlendo amajambulitsa pamtengo wa munthu amene anagona pano masiku owerengeka, n'kubwerera osaima ngakhale mphindi imodzi pamchenga pamene anthu zikwizikwi anaponda dziko lakwawo komaliza.

Ufumu wa a Jumbe unatha bwanji?

Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anafika ku Nkhotakota n'kupangana ndi Jumbe wachitatu. Jumbe anavomera chitetezo cha Britain, ndipo ankalandira ndalama pachaka. Anali munthu wowerenga nyengo: anaona kumene mphepo ikulowera, nasankha kugwirizana ndi Angelezi m'malo molimbana nawo monga anachitira Mlozi, wamalonda wa akapolo wa ku Karonga. Mu 1891 dziko lonse linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mmodzi mwa nduna za Jumbe, Chiwaula, atamuukira mu 1893, asilikali a Angelezi ndiwo anamuthandiza kumugonjetsa.

Jumbe wachitatu anamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sanathe ngakhale chaka chathunthu: atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo Kota Kota inasanduka boma lolamulidwa ndi mzungu. Mmodzi mwa oyang'anira oyambirira anali Alfred Swann, amene kale anali woyendetsa sitima ya amishoni panyanja ya Tanganyika. Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu Disembala 1895, ndipo malonda a akapolo a panyanja anafika kumapeto.

Mishoni ya Anglican inabwera liti, ndipo Chauncy Maples akukhudzana bwanji ndi tauniyi?

Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, amene likulu lawo linali pachilumba cha Likoma, anatsegula mishoni ku Kota Kota mu 1894. Wansembe woyamba, Arthur Sim, anamwalira chaka chotsatira. M'chaka chomwecho cha 1895, pa 2 Seputembala, Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe chakufupi ndi Salima, akubwerera kuntchito yake. Thupi lake linaikidwa ku Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Sitima imene inatchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanja mu 1901.

Pamishoni pomwepa panamera sukulu ndi chipatala cha St Anne's, chimene chikuthandizabe anthu mpaka lero, Akhristu ndi Asilamu omwe. Wansembe wachikuda Leonard Kamungu anatumikirako kuno asanapite kukayamba ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913.

Nkhotakota ili ndi malo anji m'mbiri ya ufulu wa Malawi?

Chakumapeto kwa Seputembala 1960 chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu kuno. Dr Hastings Kamuzu Banda anali atatuluka m'ndende ya Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, pa 1 Epulo chaka chomwecho. Anzake amene anatsalira m'ndende, monga Henry Masauko Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi Yatuta Chisiza, anamasulidwa nthawi ya msonkhanowu ndipo anaonetsedwa kwa khamu la anthu konkuno. Pamsonkhano womwewo Dr Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Tsiku limenelo linali la chimwemwe chachikulu, komanso ndi pamene panadzalidwa mbewu ya ulamuliro wa munthu mmodzi. Patangotha zaka zinayi, mu 1964, ena mwa amene anaimbiridwa m'manja pa Nkhotakota anali akuthawa. Chipembere mwiniwakeyo anabadwira ku Kayoyo mu 1930, dera limene lero lili ku Ntchisi koma pa nthawiyo linali pansi pa boma la Kota Kota.

M'tauniyi muli anthu angati?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 28,350. Mu 2008 analipo 24,726, mu 1998 analipo 19,262, ndipo mu 1977 anali ongopitirira pang'ono 10,000. Boma lonse linali ndi anthu oposa 390,000 mu 2018, kuchoka pa oposa 300,000 zaka khumi m'mbuyo mwake.

Mukaziyang'ana bwino nambalazi muona kuti tauni ikukula pang'onopang'ono kuposa boma lake. Mwa anthu khumi aliwonse a m'bomali, okhala m'tauni safika ngakhale mmodzi. Izi zimadabwitsa tikakumbukira kuti kumayambiriro kwa nthawi ya atsamunda Kota Kota inkatchuka kuti ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu ya anthu akuda m'chigawo chonse chino cha Africa, pamene Lilongwe inali kaboma kakang'ono ndipo Mzuzu kunalibe. Malonda atachoka pamadzi n'kupita pamsewu ndi panjanji, kukula kunasamukira kwina. Achinyamata ambiri a kuno ali ku Lilongwe, ku Dwangwa, ndi ku Joni.

Ndi anthu a mitundu iti, ndipo amapembedza bwanji?

Ochuluka ndi Achewa, ndipo chinenero cha tsiku ndi tsiku ndi Chichewa, chokhala ndi kamvekedwe kake ka kunyanja. Kumpoto kwa boma, cha ku Dwambazi, mumayamba kumva Chitonga. Kuli Ayao, kulinso mabanja amene amawerenga makolo awo kuchokera kwa Aswahili a nthawi ya Jumbe. Minda ya nzimbe ya ku Dwangwa inabweretsa anthu ochokera m'zigawo zonse zitatu.

Nkhotakota ndi amodzi mwa malo oyamba kumene Chisilamu chinakhazikika m'Malawi, ndipo ndi kumene mupeza Achewa ambiri achisilamu, pamene kwina konse anthu anazolowera kuganiza kuti Msilamu ndi Myao. M'tauni, kuitanira kumapemphero kwa m'bandakucha kumamveka kuchokera kumizikiti ingapo nthawi imodzi, ndipo Lamlungu mabelu a All Saints amalira m'dera lomwelo. Si zachilendo kupeza banja limodzi lili ndi shehe ndi katekisiti. Pamaliro onse amakhala pamodzi, ndipo ophika amadziwa okha nyama yoyenera kuphedwa ndi ndani. Kumidzi ya kumtunda gule wamkulu ali ndi mphamvu zake.

Anthu amadya chiyani, ndipo ndalama amazipeza bwanji?

Zitatu: chinangwa, mpunga ndi nsomba.

Nsima ya kunyanja ndi kondowole. Chinangwa amachizula, kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe ndi kutaya kuwawa kwake. Akachivuula amachiyanika pathandala kapena pamwala, kenako n'kuchisinja. Mukamayenda m'midzi ya kugombe fungo lake lowawasa limakulandirani musanaone nyumba. Mlendo wozolowera mgaiwa amavutika nayo tsiku loyamba, poti imamata m'manja ndipo siifuna kutafuna. Koma ndi usipa wofutsa kapena kampango wowotcha, munthu amagwira ntchito tsiku lonse osamva njala. Chinangwa chimapiriranso chilala, ndipo zaka zimene chimanga chakanika kumtunda anthu amatsikira kuno kudzasuma.

Mpunga ndiwo unatchukitsa dzina la Kota Kota m'misika ya atsamunda, makamaka mtundu wa faya. Umalimidwa m'madambo ndi m'masikimu a ulimi wothirira monga wa Bua. Ntchito yake ndi yowawa msana: kufesa nazale, kuwokera uli m'matope ofika m'mawondo, kenako milungu yathunthu yoingitsa mbalame kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Vuto la mlimi wa kuno ndi lakale lomwe lija. Pokolola amakhala ali ndi ngongole, ndiye amagulitsa motchipa kwa mavenda, mpunga womwewo n'kukadula kawiri m'tauni.

Kunyanja amapha usipa, utaka, kampango, mcheni, ndi chambo chimene chikusowa chaka ndi chaka. Usiku wopanda mwezi mukaima pagombe muona nyali zitandandalika pamadzi ngati mudzi wina. Amenewo ndi asodzi a usipa: siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali kuitana nsomba, anzake n'kuzungulira ndi khoka la chilimira. M'mawa amayi ogula amakhala atafika kale ndi mabeseni, ndipo pofika masana mathandala onse ali mbuu. Makilomita oposa 20 kummwera kwa tauni kuli nyanja yaing'ono ya Chia, imene imalumikizana ndi nyanja yaikulu kudzera pakamtsinje kodutsa pansi pa mlatho wa M5. Pamlatho pamenepo ndi pamene apaulendo amagula nsomba zaziwisi n'kuzipachika pagalasi la galimoto. Boma limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira mu Novembala kuti nsomba ziswane. Lamulolo ndi labwino, koma limagwa m'miyezi ya njala, ndipo maukonde a udzudzu amene amakokolola ndi tiana tomwe akupezekabe m'madoko.

Bwanji Dwangwa imaoneka yotentha kuposa boma lenilenilo?

Chifukwa cha shuga. Fakitale ya ku Dwangwa, makilomita oposa 50 kumpoto kwa tauni, inayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndipo lero ili m'manja mwa Illovo. Pambali pake pali fakitale ya Ethco, imene kuyambira 1982 imapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga. Kumene kuli malipiro a pamwezi ndi kumene kumapita masitolo, mabanki ndi minibasi. Ku boma kunatsala maofesi, chipatala chachikulu, khoti, ndi mbiri. Nzimbe zabweretsa ntchito, komanso zabweretsa mikangano ya malo, pamene minda imene anthu ankalimamo chakudya inalowa m'masikimu a nzimbe.

Nyengo yake ndi yotani?

Yotentha ndi yachinyontho, poti tauni ili pansi m'chigwa, mamita osafika 500 kuchokera pamene pamayambira nyanja yamchere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo usiku anthu amayala mphasa pakhonde. Mvula imagwa yambiri kuposa ku Lilongwe, ndipo imachedwa kusiya: Malichi ndi mwezi wa mvula yamphamvu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde otha kumiza bwato. Msodzi wanzeru akaona zizindikiro zake amakokera bwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka ukonde. Nthawi zina panyanja pamaoneka ngati utsi wa moto waukulu. Si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji.

Madzi omwe amalemeretsa chigwachi ndi amenenso amachilanga. Chakumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, anthu ena anamwalira, zikwizikwi anathawira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba zambiri zatsopano zamangidwa pamene akale ankadziwa kuti ndi njira ya madzi.

Nanga nkhalango yosungirako nyama ija?

Ili kumadzulo kwa tauni, ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 1,800, ya mitengo ya msuku, mombo ndi tsamba, yokwera mpaka paphiri la Chipata, lotalika mamita oposa 1,600. Mtsinje wa Bua umadutsa pakati pake, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa amakwerabe kukaswana. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Dera limene zaka 150 zapitazo linkatulutsa minyanga tsopano likulandira njovu zamoyo.

Okhala m'malire a nkhalango ali ndi mbali yawo ya nkhaniyi. Mpanda wa magetsi wachepetsa njovu zolowa m'minda, koma watsekanso njira za nkhuni, bowa ndi uchi zimene anthu anazolowera, ndipo tsopano zimafuna chilolezo. M'nkhalangomo mulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Nkhotakota ndi Rumphi ndiwo maboma amene matendawa amapezeka kwambiri m'Malawi. Munthu amene walumidwa ndi kashembe n'kuyamba kutentha thupi, koma mankhwala a malungo osamuthandiza, apite kuchipatala msanga ndipo anene kumene anayenda.

Madzi otentha a ku Mawira amachokera kuti?

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu yakuya, amakatenthedwa ndi miyala ya pansi, n'kubwerera kumtunda ali otentha. Ku Mawira, pafupi ndi tauni, amatumphuka usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Pitaniko m'mawa wa mu Juni, kukuzizira: nthunzi imakhala ili tolotolo pamwamba pa udzu, amayi akuchapa, ana akusamba asanapite kusukulu, sopo akuchita thovu msanga ngati madzi a pamoto. Pamene akutulukira penipenipo musapondepo, amawotcha.

Kodi sitima ya Ilala imaimabe ku Nkhotakota?

Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, kwa zaka zambiri inkaima kuno pa ulendo wake wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, ndipo kuchokera pano inkawolokera ku Metangula ndi ku Likoma. Ndondomeko yake yakhala ikusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya sitima musananyamuke. Chifukwa madzi a padoko ndi osaya, sitima imaima patali, anthu n'kumatengedwa ndi maboti ake ang'onoang'ono. Ndinakwerapo usiku. Tinalowa m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, mayi wina patsogolo panga atanyamula mwana m'mwamba ndi manja awiri, anyamata akukankha matumba a ufa wa kondowole opita ku Likoma. Aliyense ankaitana mnzake mumdima. Tauni imene inabadwa chifukwa cha doko ilibe pokwerera sitima poyenera, ndipo ndimaona kuti chimenechi n'chinthu choyamba chofunika kukonzedwa ngati tikufuna kuti kugombe kudzukenso.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha. Ndione chiyani?

Tsikani basi pamphambano, mukwere kabaza wopita kunyanja. Yambirani pamishoni: mkuyu, tchalitchi cha All Saints, ndi manda a Chauncy Maples. Kenako pitirirani kumudzi wakale wa kugombe, kumene kuli zotsalira za mzikiti wakale ndi manda a nthawi ya a Jumbe. Malo amenewa ali m'gulu la njira za akapolo zimene dziko la Malawi linapereka ku UNESCO mu 2011 kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, koma zikwangwani n'zochepa, ndiye pemphani munthu wa pamudzipo akuperekezeni, ndipo muyambe mwalonjera akuluakulu. Kumanda ndi kumzikiti valani modzilemekeza, ndipo musajambule anthu musanawapemphe.

Masana idyani kondowole kapena mpunga wa faya ndi nsomba ya tsiku lomwelo. Dzuwa likapendeka pitani ku Mawira, kapena kumalo oumba mbiya a Nkhotakota Pottery chakummwera kwa tauni. Koma musachoke musanaime padoko madzulo, nthawi imene asodzi akukankhira mabwato m'madzi. Yang'anani kum'mawa, kupyola mchenga wa Sungu, kumene mapiri a Mozambique amathera m'madzi. Zombo za Jumbe zinkalowera kumeneko.